KALATA YOPITA KU KAMPANI NDI YANKHO LACE

M'kalasi tiphunzira kalembedwe ka kalata ya nchito: keyala pamwamba, tsiku, malonje, mutu wa nkhani, ndi mau otsiriza. Ambiri a ife tiyesa kuti phunziro limeneli ndi la mayeso okha. Koma kalata iri ndi anthu awiri, wolemba ndi woyankha, ndipo za woyankhayo sitikambirana kawirikawiri. M'nkhani yino ndifuna kufotokoza m'mene masitolo ndi makampani ayankhira anthu owalembera, monga ndaonera kwathu ku Hewe, kumene pa nthawi ya chuthi mwana wa sukulu asanduka mlembi wa mudzi wonse.

Cifukwa cace tilemba

Hewe ndi cigwa ca m'boma la Rumphi, m'dziko la Themba Katumbi, pafupi ndi malire a Zambia ndi dambo la Vwaza. Anthu a kwathu alima cimanga, fodya, nyemba ndi mtedza. Zinthu zazing'ono monga mcere ndi sopo tigula pa Katowo, koma citsulo ca cigayo, mpope wothirira kapena batire ya sola zipezeka kutali. Wofuna zimenezi ayenera kudzera ku Bolero ndi pa boma la Rumphi kufikira ku Mzuzu. Ulendo umenewu udya tsiku lonse ndi ndalama zambiri, ndipo m'dzinja mseu ubvuta koposa.

Tsono munthu wa ku Mzuzu akafuna kudziwa mtengo wa cinthu, angolowa m'sitolo nafunsa. Munthu wa ku Hewe sangatero. Akanyamuka osadziwa, angathe kupeza kuti cinthuco catha, kapena kuti mtengo wakwera, nabwerera cimanjamanja atataya ndalama ya feteleza. Akuru anati, safunsa anadya phula. Cifukwa cace tiyamba talemba, ndipo yankho likacedwa, nchito ya munthu iima.

Makalata a kale ndi a lero

Kulembera makampani sikunayambe lero. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaicha Mandala cifukwa ca magalasi a m'maso a John Moir, inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndipo nkhani za katundu wace pakati pa Blantyre, Karonga ndi Scotland zinali kuyenda m'makalata. Positi ya Boma inayamba mu 1891. Masiku amenewo makalata anali kunyamulidwa ndi amuna oyenda pansi, ndipo ku Namaka, pa mseu wa Blantyre ndi Zomba, kuli kanyumba ka 1941 kamene amtengatenga anali kupumulamo.

Boma lathu la Rumphi liri ndi mbiri yace pa nkhani imeneyi. Mu 1894 Dr. Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe, ndipo kumeneko kunaturuka aphunzitsi, amisiri, akalaliki ndi anyamata odziwa nchito ya lamya. Ambiri a iwo anakagwira nchito m'masitolo ndi m'maofesi a Nyasaland, Rhodesia ndi South Africa. Motero makalata ambiri a makampani a nthawi imeneyo anadzera m'manja mwa ana a kumpoto kuno.

Lero kalata iyenda pa intaneti. Imelo ya mtundu umene tiudziwa inayamba mu 1971, pamene Ray Tomlinson wa ku America anaika cizindikiro ca @ m'keyala, ndipo WhatsApp inadza mu 2009. Kalata imene kale inali kugona panjira masabata ifika tsopano munthu asanaike foni m'thumba. Koma kufika msanga kwa kalata sikutanthauza kuyankhidwa msanga, pakuti woyankha akali munthu yemweyo, wacangu kapena waulesi.

Mayankho a mitundu inai

Pa chuthi capitaci lamba wa cigayo ca amalume anga anaduka, ndipo sefa inang'ambika. Inali nthawi yokolola, amai ambiri anali kubwerera ndi matumba ao pamutu kunka ku cigayo cakutali. Amalume anandiitana nati, "Mphwanga, iwe udziwa Cingerezi, tawafunsa a m'tauni ngati zinthuzi ziripo." Ndinalembera masitolo anai, mau amodzimodzi, tsiku limodzi. Mayankho ao ndiwo citsanzo canga.

Sitolo yoyamba sinayankhe konse, kufikira lero. Uwu ndiwo mtundu woipitsitsa, cifukwa wolemba sadziwa ngati kalata yace inafika, ndipo angodikira.

Yaciwiri inayankha nthawi yomweyo, kuti alandira kalata yathu, kuti ife ndife ofunika kwambiri kwa iwo, ndi kuti wina adzatilembera posacedwa. Amalume anakondwa ndi ulemu wotere, koma ndinawafotokozera kuti ameneyo si munthu iai, ndi makina amene atumiza mau omwewo kwa ali yense. Munthu wolonjezedwayo sanalembe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yacitatu inayankha mawa lace ndi mau awiri okha: "Bwerani mudzaone." Mlembi ameneyu anawerenga kalata, koma sanayang'ane kumene inacokera. Kwa iye Hewe ndi Katoto ndi cimodzimodzi.

Yacinai inayankha patapita masiku awiri. Mlembi wace anati lamba wa nambala imene tinachula alipo, nanena mtengo wace. Sefa ya kukula kumeneko inali itatha, koma anachula tsiku limene anali kuyembekeza zina. Anaonjeza kuti mtengowo udzakhala womwewo kufikira kutha kwa sabata, natiuza kuti tisanyamuke tisanamuimbire. Pansi analemba dzina lace ndi nambala ya foni. Ngakhale theka la yankho lace linali lotikaniza, amalume anagula kumeneko, ndipo auza anzao onse a zigayo kuti azigula komweko.

Pamenepa tiona kuti yankho labwino siliri la mau okoma kapena lofulumira koposa onse. Ndilo limene liyankha funso liri lonse, linena zoona ngakhale zosakondweretsa, ndipo lipatsa munthu nzeru yodziwa ngati anyamuke kapena akhale.

Cimene cicitika kalata ikafika

Tisaganize kuti onse osayankha ndi anthu oipa mtima. M'makampani ambiri keyala imene alengeza kwa anthu si ya munthu mmodzi. Ndi bokosi la onse, ndipo nchito ya onse ndiyo isowa mwini. Wina atsegula kalata, aona kuti ndi ya ku cipinda ca zogulitsa, naitumiza kumeneko. Kumeneko ipeza mwini wace ali pa ulendo. Makalata ena makina awaponya m'bokosi la zinyalala, makamaka opanda mutu. M'masitolo ang'ono foni ikhala ndi mwini sitolo, amene ayamba wathandiza anthu oimirira pamaso pace, naiwala wa kutali amene sakumuona.

Makampani akuru, monga mabanki ndi a mafoni, kawirikawiri apatsa dandaulo liri lonse nambala yace. Nambala imeneyo tiziisunga ngati risiti, cifukwa ndiyo imene apezera nkhani yathu pakati pa zikwi za nkhani zina.

Bvuto lina ndi la cinenero. Kwathu tilankhula Citumbuka, koma makampani ayankha m'Cingerezi cobvuta, ca mau a m'malamulo. Ndaonapo nkhalamba itasunga kalata mwezi wathunthu, kuyembekeza mdzukulu wace adzaimasulire. Yankho limene mwini wace sangalimve lafika theka la njira cabe.

M'mene tingalembere kuti atiyankhe

Wolemba nayenso ali ndi mbali yace. Nazi zinthu zisanu zimene ndaona kuti zithandiza:

1. Kalata imodzi ikhale ndi nkhani imodzi, ndipo mutu wace unene nkhaniyo poyera.

2. Chulani cinthu ndi dzina lace ndi nambala yace. Lamba ali yense ali ndi nambala yolembedwa pamsana pace. Kulemba kuti "lamba wa cigayo cacikuru" ndiko kupatsa mlembi nchito yolosera. Cithunzi cojambulidwa ndi foni cithandizanso.

3. Mafunso muwaike m'manambala. Mlembi wofulumira ayankha funso loyamba lokha ngati onse aunjikana m'ndime imodzi.

4. Nenani kumene muli, ndi tsiku limene mufuna yankho.

5. Lembani mwaulemu ngakhale mwapsa mtima. Amene awerenga kalata yanu kawirikawiri si amene anakulakwirani.

Kalata yotere ingathe kuoneka motere:

Okondedwa Bambo kapena Mai,

KUFUNSA MTENGO WA LAMBA WA CIGAYO

Ndiri ku Hewe, m'boma la Rumphi, ndipo ndifuna kugula lamba wa nambala imene iri pa cithunzici. Conde mundiuze: (1) ngati alipo, (2) mtengo wace, (3) ngati mungathe kumtumiza pa galimoto kufikira pa boma la Rumphi. Popeza ulendo wa ku Mzuzu ndi wautali, sindidzanyamuka ndisanamve kwa inu. Ndidzathokoza mukandiyankha lisanafike Lacisanu.

Ine wanu,
(dzina ndi nambala ya foni)

Kalata yonseyi munthu aiwerenga m'mphindi imodzi, ndipo mulibe cimene angafunsenso.

Akapanda kuyankha

Sitolo imene siyankha wofunsa mtengo idzilanga yokha, pakuti wogula apita kwina. Koma nkhani isintha pamene munthu walipira kale, ndipo katundu sanafike kapena wafika woonongeka. Pamenepo yankho ndi ngongole.

Maiko ena anaika malamulo olimba pa zimenezi. Ku Spain masitolo ndi mahotela ayenera kusunga mapepala a madandaulo ochedwa hojas de reclamaciones, ndi kupacika cikwangwani couza anthu kuti mapepalawo alipo. Wogula akalemba dandaulo lace, pepala limodzi litsala pa sitolo, lina asunga yekha, lina apita nalo ku ofesi ya Boma yoona za ogula. Lamulo lao la ogula la 2007, pamodzi ndi zoonjezera zace, linaikanso malire a nthawi imene kampani iyenera kuyankha dandaulo. Nzeru yace ndi yakuti mau a pakamwa auluka, koma colembedwa cikhala mboni.

Kuno kwathu tiri ndi potsamira pathu. Lamulo loteteza ogula linakhazikitsidwa mu 2003. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene linabadwa ndi lamulo la 1998, lilandira madandaulo a anthu onyengedwa pa malonda. Nkhani za mafoni ndi positi zipita ku MACRA, za mabanki ku Reserve Bank of Malawi. Ndiponso lamulo la 2016 la zocitika pa intaneti linabvomereza kuti mau otumizidwa pa makina angathe kukhala umboni. Koma onsewa ayamba afunsa kuti, kodi munawalembera eni ace? Liti? Anati ciani? Cifukwa cace tisafufute makalata athu. Lembani kaciwiri, mukuchula tsiku la kalata yoyamba. Akakhalabe cete, pitani pamwamba muli ndi risiti ndi makalata onse awiri.

Kwa ife a pa sukulu pano

Anzanga, zaka zowerengeka zikubwerazi ena a ife tidzakhala m'mabanki, m'masitolo ndi m'maofesi, monga anakhalira ana a ku Khondowe kale lija. Makalata adzafika pa tebulo lathu ambirimbiri, ndipo tidzatopa nao. Tsiku limenelo tidzayambe tayang'ana keyala ya wolemba. Kapena ndi wa ku Hewe, kapena wa ku Nthalire, kapena wa ku Makanjira. Anakwera pa culu kufuna netiweki, nagula mayunitsi ndi ndalama ya nkhuku yace. Ngati cinthu palibe, timuuze kuti palibe. Ngati nkhaniyo si ya cipinda cathu, timuuze kumene yapita ndi dzina la amene aigwira. Ngati sadziwa Cingerezi, timuyankhe m'cinenero cimene walembera.

Ndipempha aphunzitsi athu kuti potipatsa nchito yolemba kalata yofunsa, azitipatsanso ina yoyankha, ndipo pocongapo aziona ngati mafunso onse a wolemba ayankhidwa.

Mnyamata wa ku Hewe,
Fomu 3.