Ziweto pakhomo: tetezani ana ku matenda otsekula m'mimba

Kuyambira m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, kutsetsereka ndi mtsinje wa Domasi mpaka kunyanja ya Chilwa, n'kovuta kupeza khomo lopanda nkhuku, bakha kapena mbuzi. Ziwetozi ndizo nkhokwe ya banja: fizi ikavuta kapena feteleza akasowa, mbuzi imapita kumsika wa Songani. N'chifukwa chake, poopa akuba ndi afisi, mabanja ambiri amagoneka nkhuku ndi mbuzi m'khitchini ngakhale m'nyumba momwe. Apa ndi pomwe matenda amapezera njira.

Matenda amayenda bwanji?

M'matumbo mwa ziweto mumakhala tizilombo ta mabakiteriya totchedwa Salmonella, Campylobacter ndi E. coli. Nkhuku itha kuoneka yathanzi, ikuikira bwinobwino, koma chitosi chake chili ndi tizilomboti. Ikajompha m'mbale yoyanikidwa pansi, ntchentche zikachoka pa ndowe n'kutera pa phala, kapena mwana wokwawa akatola chitosi n'kuika m'kamwa, tizilombo talowa. Pakangopita maola kapena masiku ochepa, mwana amayamba kutsekula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, nthawi zina chimbudzi chili ndi magazi.

Nyengo ya dzinja zinthu zimaipiraipira, chifukwa madzi a mvula amakokolola ndowe n'kukazithira m'zitsime zosatetezedwa, m'madimba ndi mumtsinje.

Bungwe la WHO linalengeza mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni padziko lonse amadwala chifukwa cha chakudya choipitsidwa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu. Kuno kwathu, madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akupeza kuti Salmonella amatha kulowerera mpaka m'magazi, makamaka mwa ana onyentchera, ana odwala malungo ndi akulu omwe ali ndi HIV. Zikafika pamenepo moyo umakhala pachiswe.

Kusowa kumawonjezera vuto

Nkhuni zikadula, mayi amaphika kamodzi n'kusunga ndiwo ndi mkute mpaka mawa. Chakudya chophika chikakhala maola oposa awiri pamalo ofunda, tizilombo timaswana mwamsanga. Sopo akasowa, m'manja mumangotsukuluzidwa m'beseni limodzi banja lonse. Nkhuku ikafa ndi chitopa, kapena mbuzi ikafa yokha, kuitaya kumawawa, ndiye imadyedwa kapena kugulitsidwa motchipa. Komatu nyama yofa yokha imatha kukhala ndi matenda oopsa monga anthrax, omwe anapha mvuu zambiri kumalo osungirako nyama a Liwonde kumapeto kwa 2018. Nyama yotere iyenera kukwiriridwa mozama, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe.

Zimene banja lingachite

Zambiri sizilira ndalama. Khola lolimba la mitengo ndi nsungwi, lomangidwa m'mwamba, moyandikira nyumba koma kumunsi kwa chitsime, limateteza ziweto kwa akuba ndiponso limasonkhanitsa ndowe pamodzi. Pabwalo pazisesedwa m'mawa uliwonse mwana asanayambe kusewera, ndipo wokwawa azikhazikidwa pamphasa yoyera. Ndowe ziziikidwa m'dzenje kuti ziwolerane kwa miyezi itatu kapena inayi zisanathiridwe pa mpiru, chayinizi kapena tomato.

Mbale ziziyanikidwa pathandala. Mpondagiya wokhala ndi sopo akhale pafupi ndi chimbudzi, ndipo aliyense azisamba m'manja akachoka kuchimbudzi kapena kukhola, akatha kusosola nkhuku, asanaphike ndiponso asanadyetse mwana. Mpeni wodulira nyama yaiwisi usakhudze tomato kapena anyezi usanatsukidwe.

Nyama ipse mpaka pafupa, osatsala magazi, ngakhale yogula pachiwaya. Dzira lipse mpaka kulimba. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi uwire usanamwedwe, ndipo chakudya chogona chitenthetsedwe mpaka kubwadamuka. Madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe klorini, n'kusungidwa mu ndowa yovindikira. Zimenezi zimatchinganso kolera, yemwe anabuka ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Mwana akayamba kutsekula m'mimba

Apatsidwe Thanzi ORS wosungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndi mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Apitirize kuyamwa ndi kudya. Asagulidwe makapisozi pa golosale popanda malangizo a dokotala, chifukwa kumwa mankhwala mwachisawawa kumachititsa tizilombo kusamvanso mankhwala.

Ngati chimbudzi chili ndi magazi, maso alowa m'kati, akusanza chilichonse, akukana kuyamwa kapena walefuka, makolo asadikire kuti kuche. Athamange naye kuchipatala cha Domasi, cha St Luke's ku Malosa kapena china chilichonse chapafupi, akumumwetsa Thanzi ORS m'njira.