Ukwati wachiwiri si wamanyazi

Zikomo mayi athu a ku Dedza chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati n'koyenera kuchitanso mwambo wa ukwati, popeza amuna anu anamwalira zaka 5 zapitazo. Mayi, kukwatiwanso si kunyoza malemu ayi. Mwalira mokwanira, tsopano pukutani misozi.

Yambani ndi ana anu. Khalani nawo pamphasa madzulo, amve kuchokera pakamwa panu, asakamvere kuchigayo. Kenaka ankhoswe a mbali zonse akumane, agwirizane za nyumba ndi munda zimene malemu anasiyira ana, kuti mawa pasadzabuke milandu.

Musalowe m'ngongole pofuna kufanana ndi ukwati woyamba. Abusa adalitse, mpunga ndi nkhuku ziphikidwe, abale avine perekaniperekani. Tikukufunirani banja lamtendere, mayi.