Kodi Tripod Idakali ndi Ntchito?

Ambiri a ife amene timakonda kujambula zithunzi tinamvapo wina akunena kuti masiku ano tripod ndi katundu wachabe, chifukwa lenzi zamakono zimadziletsa zokha kugwedera. Tripod ndi miyendo itatu ija imene amakhazikapo kamera. Ndi yolemetsa kunyamula, ndipo ndalama yake mwana wa sukulu sachita kutola. Musanaitaye kapena kuigula, tiyeni tione zimene lenzi yamakono imatha ndi zimene singathe.

Chimene chimaononga chithunzi

Mukadina batani, kachitseko ka m'kati mwa kamera, kotchedwa shutter, kamatseguka kuti kuwala kulowe. Padzuwa kamatseguka kanthawi kochepa zedi, monga 1/500 ya sekondi. Kukayamba kuda kamafunika kukhala kotseguka nthawi yaitali, ndipo dzanja likanjenjemera pa nthawi imeneyo, chithunzi chimatuluka chachimbuuzi. Lenzi yokokera pafupi zinthu zakutali imakulitsanso kunjenjemerako. N'chifukwa chake ojambula akale ankatsata lamulo ili: ndi lenzi ya 50mm musachedwe kuposa 1/50 ya sekondi, ndi ya 200mm musachedwe kuposa 1/200.

Mmene lenzi imaletsera kugwedera

M'chaka cha 1995 kampani ya Canon inatulutsa lenzi ya 75-300mm yokhala ndi njira yoletsa kugwedera, imene inaitcha IS. Nikon imatcha yake VR, Sony OSS, ndipo m'mafoni ambiri mumalembedwa OIS. M'kati mwa lenzi yotere muli timasensa tomva kuti kamera yapendekera mbali iti. Tikamva, kagalasi kena kamasunthidwa mofulumira kubweza kupendekako, kuti kuwala kugwe pamalo pomwe pomwepo. M'makamera ena chimene chimasuntha ndi sensa yolandira chithunzi osati galasi.

Mphamvu ya njirayi amaiwerenga m'masitepe otchedwa stop. Stop imodzi imakulolani kuwirikiza kawiri nthawi. Tiwerengere limodzi ndi lenzi ya 200mm ya ma stop anayi: 1/200, 1/100, 1/50, 1/25, kenako 1/13. Ndiye kuti madzulo mungajambule nyumba kapena munthu wokhala phee popanda tripod. Apa amene amanyoza tripod akunena zoona.

Pamene lenzi imalephera

Choyamba, lenzi imakonza kugwedera kwa dzanja lanu lokha. Wosewera mpira akamathamanga, pa 1/13 adzatuluka ngati utsi. Apa ngakhale tripod singathandize. Chofunika ndi shutter yothamanga.

Chachiwiri, pali zithunzi zofuna nthawi yaitali. Kuti nyenyezi zioneke bwino, shutter imakhala yotsegula masekondi 15 kapena 20. Kuti madzi a pamathithi, monga a Williams pa phiri la Zomba, aoneke osalala ngati nsalu, pamafunika theka la sekondi kapena kuposa. Masekondi 20 palibe dzanja limene lingakhale chete, ngakhale mutagwira mpweya.

Chachitatu, lenzi singakugwirireni kamera. Taganizani za ife ophunzira zauphunzitsi tikafuna kudzijambula vidiyo pophunzitsa, kuti tione zolakwa zathu. Phunziro ndi la mphindi 40. Mukapatsa mnzanu kamera, pofika mphindi ya 10 mikono yalema, bolodi yapendekeka, mutu wanu wadukamo. Zimene munalemba siziwerengeka, ndipo phunziro limenelo simudzaliphunzitsanso kwa ana omwewo. Pa tripod, kamera imayang'ana malo amodzi kuyambira poyamba mpaka belu kulira. N'chimodzimodzi chithunzi cha kalasi yonse chimene wojambula naye akufuna kuonekamo.

Nanga bwanji miyendo itatu? Funsani amayi akamateleka mphika pa mafuwa. Miyala itatu imakhudza mphika yonse, ngakhale pansi pakhale pokumbika. Tebulo la miyendo inayi ndi limene limafuna kuikira kapepala.

Malangizo

Kamera ikakhala pa tripod, zimitsani choletsa kugwedera, makamaka pa lenzi zakale, chifukwa zina zimasaka kugwedera kumene kulibe n'kuononga chithunzi. Tcherani kamera kuti ijambule patapita masekondi awiri, kuti chala chanu chisaigwedeze. Tambasulani miyendo yokhuthala poyamba, yopyapyala pomaliza. Ngati ndalama palibe, thirani nyemba kapena mpunga m'sokosi, mangani, ikani pakhoma kapena pa desiki, n'kukhazikapo kamera.

Yankho tsono ndi ili: ngati mumajambula masana, mukuyenda, lenzi yoletsa kugwedera ikukwanirani. Ngati mukufuna vidiyo yaitali, zithunzi za usiku, kapena kuonekamo nokha, tripod sinalowedwe m'malo.

Ntchito yoyesera

1. Dzuwa likalowa, jambulani chikwangwani cholembedwa katatu: m'manja choletsa kugwedera chili chozimitsa, m'manja chili choyatsa, kenako kamera itakhazikidwa. Kulitsani zithunzizo ndipo yerekezani zilembo.
2. Lenzi ya 100mm ili ndi ma stop atatu. Kodi mungachedwetse shutter mpaka pati?
3. Fotokozani chifukwa chake choletsa kugwedera sichithandiza pojambula mwana wothamanga.