Sikelo Ikaima: Uthenga kwa Mabanja a ku Mambwe Amene Akuchepetsa Thupi

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi chifukwa cha BP kapena shuga, amayamba ndi mtima wonse. Amachepetsa nsima, zakumwa zotsekemera amazisiya, m'mawa amayenda, ndipo miyezi yoyamba sikelo imamusangalatsa. Kenako imaima. Mwezi ukutha, wina ukutha, nambala ndi yomwe ija. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kubwerera ku kadyedwe kakale, ena amayamba kudzimana chakudya tsiku lonse, ena amathamangira tiyi wochepetsa thupi amene amalengezedwa pa Facebook. Onsewa alakwitsa kuwerenga zimene sikelo ikunena. Kuima kumeneku, kumene kumabwera kawirikawiri munthu akatha miyezi pafupifupi 6, kumachitikira pafupifupi aliyense amene watsika thupi, ndipo chimene chimakuchititsa n'chodziwika bwino.

Mwina wina adabwa kuti nkhani yonenepa ikudzatani m'chigwa cha Luangwa, kumene njovu zimatha munda usiku umodzi ndipo mabanja ambiri amafika mu Januwale nkhokwe ili mbee. Kudabwako n'komveka. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira, choncho kapepalaka sikakukhudza ana, amayi oyembekezera, oyamwitsa, kapena aliyense amene chakudya chikumuperewera. Koma kafukufuku wina wa 2017, wotchedwa STEPS, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi ali ndi thupi lopitirira muyeso, makamaka amayi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu BP yake ndi yokwera. Anthu amenewa sali ku Lusaka kokha. Alipo m'maofesi a ku Boma, m'masitolo a ku Cropping ndi ku Masumba, m'makhitchini a malo ogona alendo ku Mfuwe, m'nyumba za aphunzitsi. Nthawi zina pakhomo limodzi pamapezeka mwana wopinimbira ndi mayi wa shuga, onse akudyera m'mbale imodzi.

Chimene chimaimitsa sikelo ndi thupi lenilenilo. Thupi silidziwa kuti mwini wake akuchita dala. Likaona mafuta ake akuchepa limayesa kuti kwagwa njala, ndipo limadziteteza m'njira ziwiri. Yoyamba, limachepetsa mphamvu zimene limawononga: thupi laling'ono silifuna chakudya chofanana ndi lalikulu, monga ngolo yopanda katundu sitopetsa ng'ombe. Njira yachiwiri ndiyo yaikulu, ndipo ndi imene anthu saiona. Akatswiri a ku America motsogozedwa ndi Kevin Hall anawerengera mu 2016 kuti pa kilo iliyonse imene munthu wataya, thupi limachepetsa kuwononga mphamvu ndi makalori pafupifupi 20 mpaka 30 patsiku, pamene chilakolako cha chakudya chimakwera ndi makalori pafupifupi 100. Ndiye kuti amene wataya makilo 6 thupi lake likumupempha makalori 600 owonjezera tsiku lililonse, osamuuza. Ku Melbourne, m'dziko la Australia, madokotala anapeza mu 2011 kuti timadzi ta m'thupi timene timadzutsa njala timakhalabe tokwera ngakhale patatha chaka chathunthu munthu atatsika thupi. Choncho amene akunena kuti akudya monga mwezi woyamba uja sakunama, akunena zimene akukhulupirira. Koma chipande chimazama pang'ono poomola nsima, mtanda umakula osaoneka, dzanja limabwerera m'mbale kachiwiri, supuni ya shuga imadzaza mpaka kusefukira. Kadyedwe kamabwerera mwakachetechete kufikira zolowa ndi zotuluka zitalingana, ndipo sikelo imaima pamenepo.

Ngati vuto lili pa zinthu zolowa mobisika, ndiye kuti mankhwala ake ndi kuyeza, osati kudzizunza. Yambani ndi mafuta ophikira, kapena kuti saladi, chifukwa ndiwo amabisala kwambiri. Supuni yaikulu imodzi ya saladi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo amene amathira kuchokera m'botolo molunjika mumphika amathira masupuni atatu kapena anayi asanazindikire. Ikani supuni pafupi ndi botolo, muziyeza. Onaninso tsiku limene botolo latsegulidwa ndi tsiku limene latha, muone ngati likutha msanga kuposa kale. Shuga nayenso achimodzimodzi: bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, omwe ndi masupuni ang'onoang'ono 12, koma botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 500 limafika kale pamenepo. M'kutentha kwa Okutobala, kumene kuno kumafika madigiri 40, ludzu limanyenga, ndipo munthu amatha kumwa mabotolo awiri osawawerengera ngati chakudya. Thobwa ndi munkoyo zothiridwa shuga wambiri, maheu a m'sitolo, ndi mowa, zonsezi zimalowa m'thupi popanda kukhutitsa. Nsima musaisiye, chifukwa lamulo limene munthu sangalisunge zaka ndi zaka silithandiza. Sankhani ufa wa mgaiwa kapena wa mapira m'malo mwa woyera, ikani mtanda wanu pambale yanuyanu musanayambe kudya kuti muone kukula kwake, ndipo theka la mbaleyo likhale masamba: chibwabwa, bondwe, kalembula, therere. Nyemba, khobwe ndi nsomba za mu Luangwa zowotcha kapena zophika zimakhalitsa m'mimba kuposa vitumbuwa ndi mabanzi, ndipo munthu amene thupi lake likumupempha chakudya chowonjezera amafunika zimene zimakhutitsa nthawi yaitali. Nsinjiro ndi zabwino, koma nazonso zili ndi mafuta, choncho ndiwo zotendera sizifunanso saladi.

Ena amati, ine ndimalima, ndimatunga madzi kumjigo, ndimapalasa njinga mpaka ku Jumbe, ndiye masewera olimbitsa thupi ndi a chiyani, nanga bwanji sindikutsika? Funsoli lili ndi yankho lodabwitsa. Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake anayeza anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, amene amayenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku posaka nyama ndi kukumba mizu, ndipo anapeza kuti, poyerekeza ndi kukula kwa matupi awo, mphamvu zimene amawononga patsiku sizisiyana kwenikweni ndi za anthu a m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America. Thupi limazolowera ntchito n'kupulumutsa mphamvu kwina. Kuyenda mwandawala kwa mphindi 30 sikuchotsa ngakhale makalori a botolo limodzi lija la chakumwa chotsekemera. Izi sizikutanthauza kuti kuyenda n'kopanda pake. Ntchito yake yaikulu ndi ina: kumatsitsa BP, kumathandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga wa m'magazi, kumasunga minofu kuti chimene chikuchoka chikhale mafuta, ndipo kumathandiza kuti makilo amene anachoka asabwerere. WHO imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, komanso ntchito yolimbitsa minofu masiku awiri. Mlimi amapitirira muyeso umenewu m'dzinja, koma ntchito ya kumunda ili ndi nyengo yake. Thonje likagulitsidwa, ndalama zili m'thumba, khasu lili pakona, ndi pamene thupi limabwerera. Miyezi ya Juni mpaka Okutobala ndi imene ikufunika ndondomeko, makamaka kwa amene ntchito yawo ndi yokhala pampando.

Ndondomekoyo iyenera kukhala ya kuno. Malangizo a m'mabuku amati yendani m'mbandakucha kapena kukamada, koma aliyense wa kwa Kakumbi, kwa Nsefu kapena kwa Mnkhanya akudziwa kuti nthawi zimenezo ndi za njovu ndi mvuu, makamaka mango akapsa ndiponso m'mphepete mwa Luangwa ndi Lupande. Dikirani kuwale bwinobwino, yendani awiri kapena atatu, ndipo sankhani bwalo la sukulu kapena la tchalitchi m'malo mwa tinjira ta m'tchire. Nyamulani madzi. Dzuwa likakwera m'chilimwe, lekani. Kuvina pa kwaya, netibo, kusinja, kukwera ndi kutsika pa khonde kwa mphindi khumi, zonsezi zimawerengedwa. Kuyenda pagulu kuli ndi phindu linanso: tsiku limene mwagwa ulesi, mnzanu wafika kale pakhomo akuodira, ndipo manyazi amakudzutsani pamene chifuniro chalephera.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi: kodi pamene sikelo yaimapo ndi poipa? Ambiri amadziikira cholinga chobwerera ku thupi la pa unyamata kapena pa utsikana, ndipo akataya makilo 5 m'malo mwa 20 amadziona olephera. Umboni ukunena zina. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatenga anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Amene anapatsidwa cholinga chotaya magawo 7 okha pa 100 a kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pa mlungu, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100, kuposa amene anapatsidwa mankhwala a metformin. Ku Finland anapeza chiwerengero chomwecho mu 2001. Kwa mayi wolemera makilo 85, magawo 7 pa 100 ndi makilo 6 basi. Mayi ameneyu akafika pa 79 n'kuima, wapeza kale gawo lalikulu la phindu, ndipo kukhalabe pa 79 kwa chaka chathunthu ndi ntchito yolemekezeka, popeza thupi lake likukokera kumbuyo tsiku lililonse. Akafuna kutsikanso, angathe kutero pambuyo pake posintha chinthu chimodzi kapena ziwiri, pang'onopang'ono.

N'chifukwa chake sikelo siyenera kukhala woweruza yekhayo. Kulemera kwa munthu kumasintha ndi kilo imodzi kapena ziwiri m'masiku ochepa chifukwa cha madzi, mchere, kudzimbidwa, kapena msambo. Kukwera sikelo kamodzi pa mlungu kapena pa milungu iwiri, pa sikelo yomweyo, nthawi yomweyo, n'kokwanira. Pakhomo pamene palibe sikelo, chingwe chimagwira ntchito: dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndipo muzungulize pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikakumana, mimba yanu ili pa muyeso wabwino. Zikapanda kukumana, onani mpata umene watsala, ndipo muuyezenso mwezi wamawa. Mafuta a pamimba ndiwo oopsa kwambiri pa shuga ndi mtima, ndipo nthawi zina amachepa sikelo itaima. Lembani m'kope nambala za BP ndi shuga zimene akuyezani ku kiliniki. Onaninso ngati mawondo asiya kuwawa, ngati mukufika kumsika osapuma m'njira, ngati lamba walowa bowo lina. Munthu amalimba mtima akamaona kuti china chake chikuyenda.

Pali chopinga china chimene sichili m'thupi koma m'mudzi. Kwathu kuno kunenepa kumaoneka ngati umboni wakuti munthu akusungidwa bwino, ndipo amene watsika thupi anthu amayamba kumunong'ona kuti akudwala, kapena kuti banja lavuta. Zaka zimene Edzi inkatha anthu zinasiya mantha amenewa, ndipo si mantha oseketsa. Apongozi akamati mwana wathu waonda, amanena mwachikondi. Koma chikondi chomwecho chingatembenuzidwe ngati banja lonse lamva chifukwa chake. Amene akuchepetsa thupi awauze a pakhomo zimene a kuchipatala ananena, ndipo wophika akhale woyamba kudziwa, popeza mphika ndi umodzi. Kuchepetsa saladi ndi mchere, womwe WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, kapena kuti supuni yaing'ono imodzi, sikuvulaza aliyense pakhomo, bola ana azipatsidwa chakudya chokwanira ndi magawo awo a nsinjiro, mazira ndi nsomba. Pa ukwati, pa maliro kapena pa mwambo wa Malaila, idyani ndi anzanu. Tsiku limodzi silibweza makilo 6. Chimene chimabweza ndi kuganiza kuti poti dzulo ndinaphwanya, basi zonse zatha.

Tiyi ndi mapiritsi ochepetsa thupi ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi, ndipo m'chigwa chotentha ngati chino kutaya madzi kungawononge impso. Kudzimana chakudya tsiku lonse nako kumathera pa kudya mopitirira usiku, ndipo kwa amene amamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulini kungagwetse shuga mpaka munthu kukomoka. Mankhwala ena amanenepetsa, kuphatikizapo ma ARV ena amakono ndi jakisoni wolera, koma musawasiye panokha. Kambiranani ndi a zaumoyo ku kiliniki yanu kapena ku chipatala cha Kamoto, akuuzeni chochita. Ndipo ngati thupi likutsika lokha inu musakufuna, makamaka pamodzi ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu losaletseka kapena kukodza pafupipafupi, pitani mukayezetse mlungu womwewo, chifukwa zimenezo zingakhale zizindikiro za TB, HIV kapena shuga amene wakwera kwambiri.