Ndalama za Mtukula Pakhomo Zimachepa Bwanji mu Akaunti?

Mtukula Pakhomo anayamba m'chaka cha 2006 ku Mchinji, ndipo lero ali m'maboma onse a dziko lino, kuphatikizapo kuno ku Mzimba. Amathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito: okalamba, aulumali, odwala nthawi yaitali, ndi ana amasiye olerana okhaokha. Poyamba ndalama ankapatsira anthu m'manja. Tsopano m'madera ena zikudzera ku banki kapena pa foni. Ngati munapatsidwa khadi ya banki kapena simu khadi, phunziroli ndi lanu. Ndi lanunso ngati mwana wanu ali ku Joni ndipo amatumiza thandizo.

Banki ndi bizinesi. Imalipira antchito, magetsi ndi makina, ndipo ina mwa ndalama zimenezo imaipeza kwa ife osunga. Maakaunti ena amadulidwa kandalama mwezi ndi mwezi, ngakhale simunawakhudze. Ena amafuna kuti musatape zonse, patsale kenakake. Khadi ikatayika, yatsopano ndi yogula. Kuwerengera kwake amachita ndi makompyuta, ifeyo timangoona kuti zachepa.

Chimene chimadya kwambiri ndalama za anthu ndi kutapa pang'onopang'ono. Nthawi iliyonse mukatapa, kaya pa makina a ATM, kaya kwa ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pamakhala mtengo wake. Tiyerekeze kuti amadula K500 pa ulendo umodzi. Mayi wotapa Lolemba za mchere, Lachinayi za sopo, Loweruka za kuchigayo, wataya K1,500. Mnzake amene anayamba wakhala pansi n'kuwerengera zofunika pakhomo, kenako n'kutapa kamodzi, wataya K500 yokha. K1,000 yotsalayo ikadagula makope a mdzukulu. Ndiye onjezani za kabaza kapena galimoto kuchoka ku Edingeni kupita ku Mzimba boma ndi kubwerako. Ngati ku Edingeni kapena ku Embangweni kuli ejenti, palibe chifukwa chopitira kutali. Komanso kumabanki ena kungofunsa kuti zatsala zingati amadula. Agogo ena amafunsa m'mawa, masana afunsanso, kuopa kuti ndalama zathawa. Kufunsako ndiye kukuzithawitsa. Lembani m'kope zimene zalowa ndi zimene mwatapa. N'chifukwa chake tikuphunzira kulemba.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa mtima. Mtengo wotapira amadula ndi makina okha, ndipo uthenga umabwera pa foni kunena ndalama yomwe yachoka. Ejenti amalipidwa ndi kampani yake. Akati, "Agogo, musiyeko ya fanta," kapena kuti alibe chenji, imeneyo si ndalama ya banki ayi, ndi kuba. Werengani ndalama zanu muli pomwepo, ndipo musachoke musanaone uthenga kapena lisiti. Nambala yanu yachinsinsi musauze ejenti, musailembe kuseri kwa khadi, ndipo khadi musaisiye kwa wakatapila ngati chikole. Ngati maso akuvuta, pitani ndi munthu mmodzi womukhulupirira, yemweyo nthawi zonse.

Ulendo wamawa tengani chiphaso chanu cha unzika ndipo mukafunse mosachita manyazi kuti, "Kodi akaunti yangayi mumadula zingati pa mwezi? Nanga ndikatapa?" Funsaninso a komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu ngati pali ndalama yotapira imene ndondomekoyi imakulipirirani. Mukaona kuti zadulidwa zosamveka, yambani kwa a komitiwo, kenako ku ofesi yosamalira anthu ku boma. Nkhani ikakanika ku banki, dandaulo limafika ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki onse.

Tsopano tengani pensulo. Bambo wina ali ndi K20,000 mu akaunti. Watapa kanayi, K4,000 ulendo uliwonse, ndipo ulendo uliwonse adulidwa K500. Mu akaunti mwatsala zingati?