Ulendo wa ku Nyanja ndi Mwana Wamng'ono

Amayi, mwezi wa October ukafika, makamaka pa 15, Tsiku la Anakubala, magulu a amayi amasonkha ndalama nachita hayala galimoto kupita ku nyanja. Kwa ife a ku Mtunthama nyanja yapafupi ili ku Nkhotakota, ndipo ena amagona komweko m'misasa kapena m'matenti. Ulendo wotere ndi wabwino, pakuti wogwira ntchito m'munda wa fodya ayenera kupumako. Koma ngati mutenga mwana wosakwana zaka zisanu, dziŵani kuti kunyanja nkotentha kuposa kuno, ndiponso kuli matenda amene mwana angabwere nawo kumudzi.

Musananyamuke

Longedzani neti, sopo, buku la kusikelo, mapaketi a Thanzi ORS ndi chigubu cha madzi oŵiritsa. Mwana amene akutentha thupi kapena kutsegula m'mimba asapite. Kumene ayenera kupita ndi kuchipatala.

Panjira

Msewu wa M18 umadutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, m'mene muli ntchentche za kashembe. Ntchentchezi zimafalitsa matenda a kaodzera, amene amapha munthu akapanda kulandira mankhwala. Zimakonda nsalu zakuda ndi zabuluu, ndiponso zimatsatira galimoto. Chotero tsekani mazenera, ndipo mwana mumuveke zovala zoyera zofika m'manja ndi m'miyendo.

Pa madzi

Mwana amamira mwakachetechete, ngakhale pa madzi ofika m'maondo. Gwirizanani ndi anzanu kuti mayi mmodzi aziyang'anira ana, mosinthana. Musayandikire pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, chifukwa pamakhala ng'ona.

M'mabango ndi m'madzi odikha mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timaloŵa pakhungu mwana akamaseŵera m'madzi. Motero madzi osambitsira mwana muyambe mwaŵiritsa, azizire. Mwana asakodze kapena kuchita chimbudzi m'nyanja, pakuti ndi mmene likodzo limafalikira.

Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera, musamwetse mwana osaŵiritsa kapena osathira klorini. Kumbukirani kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno. Nsomba zikhale zopsa bwino ndi zotentha, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanadyetse mwana. Khanda losakwana miyezi 6 lisamwe madzi ngakhale kutenthe. Muliyamwitse pafupipafupi, pamthunzi.

Usiku

Udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndipo kunyanja ulipo chaka chonse. Mangani neti dzuŵa lisanaloŵe, muipisire pansi pa mphasa mbali zonse. Moto wophikira muuzime musanagone, ndipo mbaula isaloŵe m'tenti, chifukwa utsi wa makala umapha anthu ali m'tulo. Mwana akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi oŵiritsa, muzimumwetsa pang'onopang'ono muli pa ulendo wopita kuchipatala.

Mukabwerako

Matenda ena amabisala. Malungo amaoneka patapita mlungu umodzi kapena kuposa, pamene likodzo lingatenge miyezi iŵiri kapena itatu mwana asanayambe kukodza magazi. Mwana akatentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muŵauze adokotala kuti munali kunyanja ndi kuti munadutsa m'nkhalango. Mawu ameneŵa adzaŵathandiza kuganizira kaodzera ngati magazi sanaonetse malungo. Likodzo limachizika ndi mankhwala a praziquantel. Musachite manyazi kulinena.

Mafunso okambirana

1. Kodi likodzo limaloŵa bwanji m'thupi la mwana?
2. Chifukwa chiyani tiyenera kuŵauza adokotala kumene tinayenda?
3. Tchulani zinthu zisanu zoyenera kulongedza.

Mukambirane mafunsoŵa ndi anzanu a m'gulu lanu musanatchule tsiku la ulendo. Ngati pali chimene simunamvetse, funsani alangizi a zaumoyo pano pasikelo.