Pempho la Mjigo: Kumene Limayambira ndi Kumene Limafera

Mliri wa kolera umene unabuka ku Machinga mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino, ndipo pofika pakati pa 2023 unali utapha anthu oposa 1,700. Kolera amayenda ndi madzi akumwa amene akhudzana ndi zonyansa za m'chimbudzi. N'chifukwa chake mudzi umene ukutungabe pa chitsime cha kudambo suyenera kudikira kuti mjigo udzaugwere mwamwayi. Ndalama za madzi ndi ukhondo zilipo, ngakhale n'zochepa poyerekeza ndi midzi imene ikuzifuna, ndipo zili ndi njira yake imene zimadzera.

Zina zakhala zikuchokera ku boma kudzera m'thumba la chitukuko cha boma, DDF, ndi thumba la chitukuko cha dera la phungu, CDF. Zina zakhala zikuchokera ku ndondomeko ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank, imene yakhala ikupatsa khonsolo ndalama molingana ndi mmene yakhozera pa kauniuni wa chaka ndi chaka. Palinso mabungwe monga UNICEF, WaterAid, Water For People ndi World Vision, amene amagwira ntchito m'maboma osiyanasiyana mogwirizana ndi ofesi ya zamadzi. Zonsezi si ngongole, mudzi subweza. Komabe mwini ndalama aliyense amayamba wafunsa ngati ntchitoyo inalembedwa m'dongosolo la chitukuko cha boma.

Apa m'pamene mapempho ambiri amafera. Kunong'oneza mlendo wolemekezeka pamaliro, kapena kumuimbira nyimbo ya madandaulo pamsonkhano, si kupempha. Kuyambira 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, VDC. Kumeneko anthu amakambirana mavuto awo, kuwasanja kuyambira lalikulu, ndi kuwalemba m'dongosolo la mudzi lotchedwa VAP. Dongosololi limapita ku komiti ya kwa mfumu yaikulu, ADC, komwe alangizi a boma amaliunika, kenaka ku khonsolo, komwe khansala wa wodiyo amakaliyankhulira. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti imakonzedwa miyezi ingapo tsikuli lisanafike. Pempho lofika mu Meyi nthawi zambiri limagona chaka chathunthu.

Msonkhano wosanja mavuto ukakhala wa abambo okhaokha, mlatho ndi bwalo la mpira zimakwera pamwamba, madzi n'kutsikira pa nambala 4. Amene amadzuka m'bandakucha ndi ndowa pamutu ndi amayi ndi atsikana, choncho msonkhano uziitanidwa nthawi imene iwo angathe kufika ndi kuyankhula.

Kulembedwa kokha sikukwanira, pakuti ku ADC kumakumana mapempho a midzi yambiri. Taganizirani za makalata awiri. Yoyamba ikuti, "Kuno tikuvutika kwambiri ndi madzi, chonde tiganizireni." Yachiwiri ikutchula chiwerengero cha mabanja ndi cha anthu, mtunda wokafika ku mjigo wapafupi, maola amene mayi amaima pamzere mu Okutobala, mwezi umene chitsime chimaphwa, ndi ana amene anadwala matenda otsekula m'mimba dzinja lathali malinga ndi kaundula wa mlangizi wa zaumoyo. Kalata yoyamba si yabodza, koma wogawa ndalama alibe poigwira. Muyezo wa boma ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu pafupifupi 250, ndipo munthu asayende mtunda wopitirira mamita 500 kukatunga. Mudzi wa anthu 700 wodalira mjigo umodzi ukangolemba manambala awiriwa moyandikana, mlandu wake wamveka kale. Kukokomeza chiwerengero n'kudzipweteka, chifukwa a ofesi ya zamadzi amabwera kudzaona okha, ndipo akapeza bodza limodzi amakayikira kalata yonse.

Malo nawonso akonzedweretu. Mwini munda avomere polemba, pamaso pa mfumu ndi mboni, kuti malowo awapereka kwa anthu onse, pakuti mijigo ina inatchingidwa ndi mpanda mwini malo atamwalira, ana ake n'kunena kuti ndi wa bambo awo. Malowo atalikirane ndi chimbudzi, khola, dzala ndi manda mamita osachepera 30, ndipo asakhale kumunsi kwa zimenezi. Mudzi usankhe malo awiri kapena atatu, chifukwa mawu omaliza ndi a katswiri woyeza madzi a pansi, osati a munthu amene akufuna mjigo pakhomo pake.

Funso limene limagwetsa midzi yambiri ndi la chisamaliro. Walira mvula walira matope. Mjigo wa Afridev, umene uli ponseponse m'dziko muno, uli ndi timphira m'kati timene timatha ndi kupopa, ndipo tiyenera kusinthidwa nthawi ndi nthawi. Mtengo wake ndi wochepa, koma komiti yopanda thumba imalephera kutigula, mjigo n'kuima miyezi, anthu n'kubwerera kudambo. Bungwe likafika m'mudzi n'kupeza mjigo wakale utafa chifukwa cha kamphira, silikhala ndi mtima wokumba wina. Choncho pempho lamphamvu limasonyeza mayina a komiti ya mjigo, amayi osachepera theka, ndalama imene banja lililonse lavomera kusonkha pamwezi, mabanja a okalamba amene akhululukidwa, buku la msungichuma, ndi mgwirizano ndi mmisiri wokonza mijigo wa m'deralo. Kumene kuli mjigo wakufa, n'kwanzeru kupempha kuti ukonzedwe, pakuti kukonza n'kotsika mtengo kusiyana ndi kukumba, ndipo yankho lake limabwera msanga. M'madera a madzi a m'mipopi ochokera m'mapiri, monga ku Mulanje ndi Zomba, pempho lowonjezera mipopi lidzere ku bungwe la ogwiritsa ntchito madzi la sikimuyo.

Za zonyansa n'zosiyana pang'ono. Mapaipi a suweji amapezeka m'mbali zina za mizinda yokha, monga amene amakathira ku Kauma mu Lilongwe. Kumudzi ndi pa malo a malonda, zimene zingapemphedwe ndi zimbudzi za pamsika, pasukulu ndi pachipatala, pamodzi ndi posamba m'manja. Pempho lake linene amene azidzasesa, ndalama imene wolowa azidzalipira pamsika, ndi amene adzapope dzenje likadzaza. Chimbudzi cha pakhomo ndi udindo wa banja, ndipo mudzi umene nyumba iliyonse ili nacho umamvedwa msanga ukapempha madzi.

Ndalama zikapezeka, komiti yoyang'anira ntchito idziwe dzina la kontirakitala, mtengo wa ntchito, kuya kumene anagwirizana ndi tsiku lomaliza. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limalola nzika kufunsa zimenezi ku khonsolo. Wokumba akhale wovomerezeka ndi National Water Resources Authority. Masiku okumba, anthu awiri a komiti azikhalapo ndi kope, kuwerenga mapaipi amene akulowa pansi ndi matumba a simenti amene atsegulidwa. Mjigo wosaya umatulutsa madzi bwinobwino mu Epulo, n'kuuma mu Okutobala kontirakitala atalandira kale zake. Wapampando asasaine chikalata chakuti ntchito yatha asanaone zotsatira ziwiri zolembedwa: za kuyesa kuchuluka kwa madzi popopa maola angapo, ndi za kupima ngati madziwo ali oyenera kumwa. Kope la zotsatirazi lisungidwe m'buku la komiti, lina lipite kwa mlembi wa ADC.